Mzere Wapansi Waonekera

Padoko la Kachulu, mayi wina ndi bambo wachikulire ankadikira boti la ku chilumba cha Chisi, maso ali pa chikwangwani chadzimbiri chozikidwa m'madzi.

"Bambo, chikwangwani icho chikunena za sitima ya pamtunda. Chikutani m'nyanja?"

"N'cha pasiteshoni, mayi. Asodzi akale anachitola kunjanji n'kuchizika pamenepo kuti aziyezera madzi. Maso angawa anatha, mukuona mizere ingati ya malemba?"

"Iwiri."

"Iwiri? Taonetsetsani."

"Iwiri ndithu. Wapansiwo uli ndi matope, koma ukuwerengeka."

"Yaa Allah! Wapansiwo suoneka nyanja ikakhala bwino. Utaonekera komaliza, madzi anaphwa, kolera n'kulowa m'zimbowera, m'misasa yoyandama ya asodzi ija. Mitembo tinkachita kuikoka pamatope, mabwato atakana kuyenda."

"Musatero, bambo! Mwana wanga Shaibu ali m'zimbowera momwemo. Ufa ndasenzawu ndi wake."

"Amamwa madzi ati?"

"A m'nyanja momwemo. Ena angawapeze kuti?"

"Ndiye ufawo musakamusiyire, mayi. Akauona akhala. Mukamuuze kuti chakudya chili kumtunda."