Mbiri ya Malemu Ejvind Kragelund, Oyambitsa Chikho cha Amalonda

Amene tikuwaperekeza lero ndi Bambo Ejvind Kragelund. Anabadwa pa 9 Febuluwale 1947 kuno ku Skarrehavn, m'banja la asodzi. Anabadwa awiri, iwo ndi mng'ono wawo Bambo Preben.

Sukulu anaphunzira konkuno. Usodzi unawakanika chifukwa ankachita chizungulire akakwera boti, choncho bambo awo anawatumiza ku Aalborg kukaphunzira kukonza mawotchi. Atabwerako m'chaka cha 1969 anatsegula shopu yawo mumsewu wopita kudoko. Patatha zaka zitatu anamanga banja ndi Mayi Bodil. Kumpingo wathu wa Lutheran ankaimba kwaya, ndipo wotchi yapansanja ya tchalitchi chino ankaisamalira ndi iwo, osalandirapo kanthu.

Fakitale ya nsomba itatsekedwa mu 1991, anthu anayamba kusamuka, mashopu n'kumatsekedwa. Malemuwa zinawapweteka mtima. Anasonkhanitsa amalonda anzawo asanu n'kuyambitsa mphoto ya chaka ndi chaka ya bizinezi yochita bwino m'tauni muno, kuti otsalawo asagwe mphwayi. Mphotoyo inali chikho chamkuwa, ndipo dzina la wopambana ankalizokota ndi dzanja lawo. Anakhala wapampando wa komiti ya mphotoyo zaka 28. Lamulo loti wam'komiti asapikisane nawo analiika okha, n'chifukwa chake shopu yawo sinalandirepo chikhocho.

Mu Januwale 2008 mavoti anafanana pakati pa mabizinezi awiri. Ina inali butchala ya mng'ono wawo uja, imene inali itayamba kuvutika. Ina inali bekale ya Mayi Senada Begović, amene anabwera kuno pothawa nkhondo kwawo ku Bosnia. Voti yomaliza inali ya wapampando, ndipo malemuwa anavotera bekale, chifukwa chaka chimenecho inalemba ntchito anthu asanu ndi awiri amene anachotsedwa kalekale kufakitale ija. A Preben anaimirira muholo anthu onse akuona, nati, "Achimwene, chikho chanucho muzikamwera madzi kwanu." Atatero anatuluka.

Butchala ija inatsekedwa chaka chisanathe. Palibe anganene kuti chikho chikanaipulumutsa, koma malemuwa funso limeneli silinawachoke mumtima. A Preben anasamukira ku tauni ina, ndipo abale awiriwa anatha zaka khumi ndi zisanu osalankhulana. Khadi la Khirisimasi malemuwa ankalitumiza chaka chilichonse, yankho osabwera. Komabe sitinawamvepo akunena kuti anavota molakwa.

Mu Novembala chaka chatha anadwala sitiroko. Anatuluka m'chipatala dzanja lamanja likunjenjemera, moti shopu inayenera kutsekedwa. Pa mwambo wopereka chikho wa chaka chino anabwera pa njinga ya odwala. Mabizinezi opikisana anali asanu ndi imodzi okha, pomwe kale ankapitirira makumi anayi. Anapempha kuti ayese kulemba dzina pachikho, koma chitsulo cholembera chinkawapulumuka, mpaka anachibweza.

Pa 11 Malichi matenda aja anabwereranso, ndipo anasiya kulankhula. Mayi Bodil anaimbira foni a Preben. Iwo anazengereza masiku awiri, tsiku lachitatu m'mawa n'kukwera basi. Atalowa m'chipinda anati, "Ndabwera, achimwene. Inu kusowa chonena, mwayamba liti?" Anakhala pambali pa bedi maola atatu atawagwira dzanja, akuwafotokozera za nyengo ndi za anzawo akale. Ngati malemuwa anamva, sitikudziwa. Anatisiya madzulo a tsiku lomwelo, Lachiwiri pa 14 Malichi 2023, ali ndi zaka 76. Nkhani ya mkangano wa abalewa abanja anafuna kuisiya, koma a Preben eniake apempha kuti iwerengedwe yonse, osachotsapo.

Malemuwa asiya mkazi wawo, Mayi Bodil Kragelund, ana awiri, Signe ndi Troels, zidzukulu zitatu, Asta, Viggo ndi Karla, apongozi awiri, komanso mng'ono wawo mmodzi yekhayo, Bambo Preben.

Ntchito yawo aimaliza. Mulungu awalandire, apumule mu mtendere.