A Nedson, Ocheza ndi Okomoka

Abusa, a Dokotala aakulu, a Matironi, anamwino anzanga, ana a Bambo Nedson ndi achibale nonse amene mwachokera ku Kabudula, moni nonse. Ine ndine Yunisi, wa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, mmene ndagwira ntchito ndi a Nedson, amene lero akupuma pantchito. Andiuza kuti ndisatalikitse. Tiona.

A Nedson, musayang'ane pansi, ndiyamba ndi ija. Sabata yawo yoyamba pantchito anapeza bambo wina ali gone pabedi la pakona. Anamuitana, osayankha. Ndiye anamutsina pachikhadabo, monga timachitira pofuna kuona ngati wovulala mutu akumva ululu. Munthu uja anadzambatuka, "Mayo ine!" A Nedson liwiro kwa dokotala: "Watsitsimuka!" Kodi anali wodwala? Ayi ndithu. Anali gadiyani, anangoba tulo pabedi lopanda munthu.

Koma chimene tinkawaseka nacho kwambiri n'kucheza. Odwala athu ambiri ndi a ngozi za njinga zamoto pamsewu wa ku Mchinjiwu. Amabwera ali chikomokere, ena opanda dzina, opanda wachibale. A Nedson akamawatembenuza kuti asachite zilonda, akamawapopa makhololo, pakamwa sipatseka. "Achimwene, mvula yagwa ku Nsaru. Fodya wanu mwasiyira ndani? Dzukani." Ife n'kumati, "Akukumvani amenewo?" Iwo amvekere, "Nanga iwo akakhala chete, inenso ndikhale chete?"

Ntchito iyi ndi yowawa, abale. Ambiri satsitsimuka. Ena amadzuka koma mkono wafa, kapena sakumuzindikiranso mkazi wawo. Amene akuchira timawasamutsira ku wadi ina mutu usanakhazikike, ndipo amapita kwawo osatidziwa n'komwe. Chaka chatha a Nedson anakwera kabaza pa Msundwe. Ataona chipsera kuseri kwa khutu la woyendetsayo, anamuzindikira. Anali Masautso, amene iwo anamusambitsa ndi kumudyetsera m'chubu dzinja lonse. Masautso anangoti, "Mutsikira pati, madala?" A Nedson sanadziulule. Anafika kuno akumwetulira: "Yunisi, akuyendetsa bwinobwino!" Amene ndinalira ndine.

Zikomo, a Nedson. M'malo mwa onse amene sakudziwa kuti ayenera kukuthokozani, zikomo kwambiri. Lolemba ndidzalowa m'chipinda chija n'kumangomva makina okha. Kunena zoona, ndikuopa.

Komabe nkhawa yanga yaikulu ili pa inu. Chimwalirireni akazi awo, Mayi Ester, bambowa akaweruka safulumira kupita kunyumba, amapeza kantchito kowachedwetsa. Tchuthi ankachita kukakamizidwa. Lero ndife amene tikuwatumiza kunyumba imene ankaizembayo. Luka, Hannah, mwamva eti? Ndikudziwa muli kutauni, zochita zachuluka. Koma bambo anuwa akhala zaka zonsezi pambali pa anthu osawadziwa, kuti asafe okha. Musadikire kuti adwale kaye. Pitani pamene akutha kukutsegulirani chitseko, kukufunsani za adzukulu, kukudzudzulani pamavalidwe.

Kapumeni, a Nedson. Mukalime mtedza wanu, msana ukawongoke, mukagone tulo mpaka dzuwa likudzutseni. Mulungu akusungeni.

Tiyeni tonse tiimirire. Tiwaombere m'manja, ndipo tisafulumire kusiya, chifukwa kumene akupitako kuli zii.