Khru Sawai ndi Mwana Amene Anadumpha Chingwe

Malemu amene tawagoneka pano, Khru Sawai Phimthong, ndiko kunena kuti Aphunzitsi Sawai, anabadwa pa 9 Malichi 1951 m'mudzi muno mwa Nong Waeng, m'chigawo cha Buriram. Anali achiwiri m'banja la Bambo Khamdi ndi Mayi Thongbai, alimi a mpunga. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Samruai, mng'ono wawo.

Olemekezeka amonke, akuluakulu a kachisi ndi inu nonse, ndikuona mmene mwakhalira: abale kuno, ophunzira a malemu uko, pakati mpata woti njati n'kudutsa. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. A Wirot, wamkulu wa ophunzirawo, ndi anzawo atumiza mawu akuti sanyamula bokosi la aphunzitsi awo ngati Kanlaya, mwana wamkazi wa malemu, aloledwe kuvina gule wolemekeza aphunzitsi patsogolo pa thupili. Ndikupempha kuti muyambe mwamva mbiri yonse, kenako aliyense achite zimene mtima wake wamuuza.

Mu 1958 malemu anayamba sukulu pakachisi pompano, ndipo analekezera kalasi yachinayi. Tisanamizane pamaliro, sukulu sinkawalowa. Chimene chinawalowa ndi nkhonya. Mu 1962 bambo athu anakawapereka kwa Khru Thiang, nkhalamba imene pa unyamata wake inkamenya manja atakulungidwa zingwe, magolovesi asanafike kuno. Kumeneko anaphunzira kumenya ndi chibakera, chigongono, bondo ndi mwendo. Nthochi za kuseri kwa kachisi zinatha kuthyoka ndi miyendo yawo, ndipo amayi athu anatopa n'kupepesa.

Mu 1968 anapita ku Bangkok, kumene anamenya m'mabwalo akuluakulu zaka khumi ndi ziwiri. Lamba wa ukatswiri sanatengeko, koma amene anakumana ndi bondo lawo ankadya phala sabata yonse. Anabwerera kumudzi mu 1980, mphuno itapindika, khutu limodzi litagontha. Chaka chomwecho Khru Thiang, ali pafupi kutisiya, anawapatsa mongkhon wawo, nkhata yopatulika ija womenya amavala kumutu polowa m'bwalo. Anawakumbutsa malamulo ake: sudutsa pansi pa chingwe cha bwalo, ndipo woveka ndi wovula ndi mphunzitsi yekha, womenya saukhudza.

Pa 14 Novembala 1982 anamanga banja ndi Mayi Bualoi a ku Ban Khok, ndipo anadalitsidwa ndi ana awiri, Anan mu 1984 ndi Kanlaya mu 1990. Mu 1983 anatsegula kampu yawo yophunzitsira nkhonya pansi pa mtengo wa bwemba, ali ndi thumba limodzi ndi matayala akale. Wophunzira woyamba anali a Wirot. Ankagona m'nyumba ya malemu, kudya mbale imodzi ndi ana awo, ndipo ndi iwo amene anatchukitsa dzina la kampu mpaka pa kanema. Ichi sindingawalande, ndipo malemu ankawakonda kuposa mmene ankationetsera ife abale awo.

Kanlaya anayamba kumenya thumba akadali wamng'ono, abambo ake akumuthamangitsa ndi tsache. Sanatheke. Pamene nkhonya za amayi zinayamba kuloledwa pa zikondwerero, malemu anagonja n'kuyamba kumuphunzitsa. Mwanayu sanali wamwano. Ankalowa m'bwalo chokwawa pansi pa chingwe cha m'munsi monga amachitira amayi onse, ndipo abambo ake ankamuveka mongkhon wakewake atalowa kale. Wa Khru Thiang unkakhala pamsomali wa pamwamba, wa amuna okhaokha.

Tsopano ndafika pa Epulo wa 2013, pachikondwerero cha kachisi uno. Ambiri munalipo. Munaona Kanlaya akutuluka kuseri kwa tenti mongkhon wa Khru Thiang uli kumutu, abambo ake akumutsatira pambuyo. Munaona ataima pa zingwe, ng'oma ndi chitoliro zitayamba kale. Kenako munaona akudumpha chingwe cha pamwamba ngati mwamuna. Bwalo lonse linaima, ena akutukwana, ena akuponya mabotolo, ndipo nkhonyayo sinachitike n'komwe.

Mawa lake Kanlaya anagwada pamaso pa akuluakulu n'kunena kuti mongkhon anautenga yekha pamsomali, abambo ake osadziwa. Malemu anali pomwepo, maso pansi, ndipo tonse tinati ndi manyazi. Chaka chimenecho anyamata a kampu anagonja motsatizana, wina anathyoka mkono, anthu n'kumati ndi tsoka la mongkhon wodetsedwa, ndipo zonse zinagwera pamutu pa mwana mmodzi. A Wirot analumbira kuti mtsikanayo sadzapondanso pansi pa bwemba iwo ali moyo. Kanlaya ananyamula chikwama n'kupita ku Chonburi, kukagwira ntchito pa fakitale. Zaka khumi ndi chimodzi wakhala akubwera ngati mlendo, kulowera khomo la kuseri kudzasambitsa abambo ake, n'kubwerera anthu asanamuone. Zimenezi zinkandipweteka, ndipo zikundipwetekabe.

Mu 2016 madokotala anatiuza kuti zibakera za ku Bangkok zinawononga mutu wa malemu, ndipo matendawo anayamba kalekale. Manja anayamba kunjenjemera, mayina a anthu n'kumawathawa. Komabe akamva chitoliro ankadzuka pamkeka, bondo lili m'mwamba, moti tinkachita kuwagwira.

M'mawa wina mu Januwale chaka chino anadzuka mutu uli bwinobwino. Anaitanitsa Mayi Bualoi, ine, ndi mkulu wa amonke amene akhala apawa, kuti ndikanama andidzudzule. Mawu awo anali awa: "Mwana uja sanabe kanthu. Ndinamuveka ndine. Kuseri kwa tenti kuja mutu unandizungulira, ndinkaona ngati ndi Wirot akupita kukamenya. Mwanayo anandinong'oneza, ababa vulani, ababa vulani, ine ngati chitsa. Ndiye akanatani? Auvule yekha? Akwawe nawo pansi pa chingwe, mongkhon wa aphunzitsi anga?"

Anatiuzanso kuti atazindikira zimene anachita anagwidwa mantha. Anaopa kuti makolo akadziwa kuti mutu wa Khru wayamba kuthawa, adzachotsa ana awo onse pakampu. Mwana wawo anaona manthawo, n'chifukwa chake anasenza mlandu. Iwo anamusiya ausenze. Analira, achimwene anga amene sindinawaonepo akulira ngakhale atang'ambika nsidze. Pomaliza anati: "Ndikafa avine iyeyo. Ndipo Wirot andinyamule."

Tinapita kwa a Wirot kuti tikawauze zimenezi malemu akadali moyo. Anatibweza pachipata, akuti nkhani za mtsikana uja sazifuna. N'chifukwa chake azimvera pano, pagulu, ndipo sindipepesa. Kanlaya anandichonderera dzulo kuti ndisaziwerenge, kuopa kuchititsa manyazi abambo ake. Mwana wanga, undikhululukire, wabisa mokwanira.

Malemu anatisiya pa 3 Febuluwale 2024 kuchipatala cha ku Buriram, ali ndi zaka 72. Asiya akazi awo Mayi Bualoi, mwana wamwamuna Anan, mwana wamkazi Kanlaya, zidzukulu zitatu, ine mng'ono wawo ndi mlongo wathu Lamduan. Asiyanso ophunzira ambiri, amene mpaka lero amamenya ndi dzina la kampu ya Nong Waeng.

Banja likuthokoza amonke chifukwa cha mapemphero a masiku onsewa, madokotala ndi anamwino amene anapirira wodwala wokankha ndi chigongono, amayi amene aphika, ndi anyamata amene akonza pakachisi. Tikuthokozanso oimba ng'oma ndi chitoliro, amene abwera ngakhale ena anawauza kuti asabwere.

Zolembedwa zathera pamenepa. Kanlaya avina tsopano, monga ananenera abambo ake. Akamaliza, bokosi liyenera kuzungulira katatu ng'anjo yotenthera thupi. Ife otsala m'banja ndife nkhalamba ziwiri, mayi wamasiye ndi ana awiri. Tikasiyidwa tokha tilinyamula, ngakhale titagwa nalo m'njira, ndipo mudzi uno udzakumbukira amene anakhala pampando n'kumaonerera.

A Wirot, ndakuonani mwaimirira. Ngati mukupita kuchipata, palibe akugwireni. Ngati mukubwera kuno, anthu inu apatseni njira.

Apatseni njira, ndatero.

Bwerani. Musagwadire ine, mwanayo ndi uyo. Mukatha mugwire bokosi kumutuko, ndi kumene aphunzitsi anu anakusungirani.

Oimba, yambani. Achimwene, ana anu onse afika. Mzimu wanu uuse mumtendere.