Moyo wa a Lemson Chavula a ku Area 47

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1974 ku Rumphi, ndipo makolo anawatcha Lemson. Anali oyamba m'banja la a Chavula la ana atatu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Gregory, mng'ono wawo. Mu 1979 bambo athu, amene ankagwira ntchito m'boma, anasamutsidwira kuno ku Lilongwe, ndipo tinkakhala ku Area 12.

Achimwene anabadwa ndi ulumali wa ubongo, moti ankachedwa kumva ndi kuphunzira zinthu. Sitandade 1 anabwereza katatu, ndipo mu 1985 anasiya sukulu. Kuyambira pamenepo anakhala mumpanda zaka zoposa makumi awiri. Kukabwera alendo tinkawauza kuti apite kuseri. Ndikunena izi pamaso panu chifukwa ndi zoona, ndipo tinalakwa.

Bambo anatisiya mu 2003, mayi mu 2011. Abale ambiri anati achimwene atumizidwe kumudzi, koma mlongo wathu, a Emily, anakanitsitsa. Anali atamva za mayi Maness Kachale, namwino wopuma ntchito, amene anatsegula nyumba ku Area 47 momwe akuluakulu anayi aulumali wotere amakhala paokha, wowathandiza n'kumabwera masana. Achimwene analowa m'nyumbamo mu Febuluwale 2012.

Kumeneko anaphunzira kuphika, kuchapa ndi kukwera minibasi. Tsiku loyamba kukwera okha anapitirira mpaka ku depoti ku Old Town. Tinawafunafuna masana onse, koma anabwerera okha atanyamula nthochi. M'mawa mwake anakweranso.

Mu 2014 analembedwa ntchito yosamalira maluwa pa ofesi ina ku City Centre, ndipo anaigwira zaka khumi.

Mu 2017 anatiuza kuti akufuna kukwatira a Alinesi, anzawo a m'nyumbamo. Tinakana zaka ziwiri, ine ndili patsogolo, mpaka tsiku lina anandifunsa kuti, "Iwe Gregory, pokwatira anakukaniza ndani?" Pamenepo tinavomera. Ukwati wawo unadalitsidwa pa 17 Ogasiti 2019, ndipo ambiri mwa inu munavina.

Mu Novembala 2024 madokotala anawapeza ndi matenda a mtima. Anagonekedwa m'chipatala kawiri, kenaka anapempha kuti abwerere kunyumba kwawo ku Area 47. Amwalira Lachiwiri lapitali, pa 3 Juni 2025, a Alinesi ali pambali pawo.

Asiya mkazi wawo a Alinesi, mlongo wathu a Emily, ine, ndi ana athu asanu amene ankawakonda ngati awo. Tikuthokoza mayi Kachale, a Efelo amene anawathandiza tsiku ndi tsiku, anamwino, ampingo, anzawo akuntchito, ndi inu oyandikana nawo nyumba amene mwatikonzera zonse pano.

Ena mwatifunsa kuti a Alinesi apita kuti tsopano. Ulendo uno sitinawaganizire ife, tawafunsa eni ake. Akuti akhala pakhomo pawo, ndipo zikhala choncho.

Achimwene, yendani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.