Agogo Aamuna ndi Dambo Lawo la Mlulu

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1948, m'nyumba yomwe khomo lake linkayang'ana kudambo. Sukulu anayamba mu 1956, koma analekezera Sitandade 5. Aphunzitsi anatopa naye mwana wofika mochedwa, matope mpaka m'mawondo, funso lili pakamwa: n'chifukwa chiyani mlulu umakonda pamene madzi alekeza mu akakolo, osati pozama, osati pouma?

Kwa inu ochokera kutali, mlulu ndi chomera chobiriwira, chowongoka ngati muvi, cholukira mikeka. Imeneyo ndiyo inali ntchito ya malemu kuyambira 1963. Ankadula ndi zenga pamwamba pa madzi, osazula, ndipo chaka chilichonse mbali imodzi yokha, kuti inayo ipume, mbalame ziswe mwamtendere.

Mu 1971, mtsikana wina wokatunga madzi anatitimira m'matope a dambolo. Malemu anamuvuula, koma nsapato imodzi inatsalira, ndipo mpaka lero ikadali pansi pomwepo. Chaka chisanathe anakwatirana. Mtsikanayo ndi agogo aakazi akhala apawa.

Zaka zonsezi mkangano wawo unali umodzi. Agogo aakazi ankafuna kuti pakumbidwe ngalande, madzi achoke, palimidwe ndiwo zamasamba. Ankati anakwatiwa ndi chule. Malemu ankayankha kuti chuleyo akanapanda kukhalapo, bwenzi wina akadali m'matope.

Mu Julayi chaka chatha malemu anayamba kudwala chifuwa. Ali m'chipatala anaitana mdzukulu wawo amene wangomaliza kumene Fomu 4, yemwe akuwerenga mbiriyi, n'kumufunsa funso lakale lija. Mdzukuluyo, maso ali pakhomo, anangoti adzafufuza. Agogo sanadikire. Anatisiya Lachiwiri, pa 14 Januwale 2025.

Dzulo masana ana awo anakhala pansi n'kugwirizana kuti tsopano ngalande ija ikumbidwe, mayi awo apeze chimene akhala akulirira. Agogo aakazi anakana. Anati khasu lisayerekeze kukhudza dambolo. Ndiwozo sankazifuna n'komwe. Chimene ankafuna n'chakuti amuna awo azibwerako msanga kunyumba.

Malemu asiya mkazi, ana asanu ndi zidzukulu khumi ndi ziwiri. Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira, anansi amene sanatope kutiyendera, ndi inu nonse amene mwabwera ndi mikeka yokhalapo. Tayang'anitsitsani m'mphepete mwake: yambiri analuka ndi malemuwa.

Pitani bwino, agogo. Mlulu wa mbali ya kum'mawa chaka chino upuma, inunso muuse mu mtendere.