Nyemba za ku Lobi zitasowa pa webusayiti

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito ndi mbiri yoti ndine wakatangale, ndipo ndikufuna mumve momwe Mulungu anandiwombolera.

Ndimagwira ntchito ku kabungwe ka alimi pa boma pa Dedza. Alimi amanditumizira zithunzi za zokolola zawo pa foni, ine n'kuziika pa webusayiti yathu. Chilichonse ndimachilembera zizindikiro zake, monga dera, mtundu wa mbewu ndi makilogalamu. Wogula akasankha zomwe akufuna, makina amasefa zonse zomwe tinasunga n'kumuonetsa zokhazo.

Chaka chino nyemba za ku Lobi zinasiya kuoneka. Kachewere ndi kabichi wa ku Bembeke ankaoneka bwinobwino, ndiye tsoka lake ine kwathu n'ku Bembeke komweko. Mphekesera sizinachedwe, akuti ndadya za anthu akwathu kuti ndibise katundu wa anzawo. Wapampando anangoti, "Mayi, komiti ikakumana mudzafotokoze bwino, apo ayi tisiyana."

Zinandiwawa kwambiri, ndipo nanenso ndinayamba kukayikira aliyense. Nyembazo m'kompyuta zinalimo, koma ukangosefa zinkazimiririka. Ndinasintha pasiwedi poganiza kuti mnzanga wa mu ofesi amagwiragwira ndikatuluka. Koma amene ndinawaikira diso kwenikweni anali a Yusufu, amalonda ogula nyemba kumsika. Mumtima ndinkati, ogula akutali akapanda kuziona nyembazi, azitola motchipa ndani? Akandipatsa moni ndinkayankha nkhope ili kumbali. Ku Misa ndinkagwada ndithu, koma pemphero langa linali limodzi, loti Mulungu amuyalutse mdani wanga.

Komiti ili pafupi kukumana, a Yusufu omwewo analowa mu ofesi foni ili m'manja. Ndinatembenuza kompyuta kuti asaone.

"Achemwali, tandithandizani," anatero. "Ndikufuna nyemba za ku Lobi, koma makina anuwa akungondifunsa makilogalamu. Pa ndowa ndidine pati? Kuja ife timagula pa ndowa."

Pomwepo ndinazindikira pamene panali vuto. Alimi athu a ku Lobi ambiri alibe sikelo, amandiuza kuchuluka kwa ndowa. Ine ndinkalemba ndowazo pansi pa chithunzi, malo a makilogalamu n'kusiya opanda kanthu, ndipo zaka zonsezi zinkayenda. Ndinaimbira amene amatikonzera webusayiti, ndipo iwo anavomera kuti chaka chino anawonjezera lamulo loti mbewu yopanda makilogalamu isaoneke, poganiza kuti ndiye kuti yatha. Anaika chizindikiro chatsopano cha ndowa, n'kuuza makinawo kuti azisefa ndi zonse ziwiri. A Yusufu akadali chiimire pakhomo, nyemba za ku Lobi zinadzaza foni yawo.

Tsiku la komiti a Yusufu anatseka sitolo yawo n'kubwera kudzandiikira umboni, osapemphedwa. Manyazi anandigwira, misozi n'kulengeza. Ntchito yanga ilipobe, ndipo alimi a ku Lobi aja tsopano amandisiyira kambale ka nyemba akabwera pa boma.

Ndikuyamika Mulungu amene sanayankhe monga ndinapemphera. Inu amene mukunamiziridwa lero, limbani mtima, musasiye kugwada. Koma musathamangire kuloza chala ngati ine. Ndinapempha kuti andionetse mdani, Iye ananditumizira mboni, ndipo inali munthu yemwe ndinkamumana moni.