Kachitsulo ka Nambala 417

Moni abale anga mwa Ambuye. Ndine Petulo Makwinja wa ku Ndirande, ndipo ndikuuzeni za chaka chimene kompyuta inandichotsa ntchito.

Ndinali nditanyamula mabelo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pa fakitale ina ku Makata. Itabwera kompyuta, anaikamo mindandanda iwiri: wa m'mabuku akale a antchito ndi wa makhadi atsopano. Aliyense amene dzina lake silinafanane m'mindandanda yonse iwiri anamuletsa kulowa pageti. Ine ndinali mmodzi wa iwo.

Chinachitika n'chakuti tsiku lolembedwa ntchito anandiperekeza ndi amalume, ndiye kapitawo analemba dzina langa laubwana pamodzi ndi la amalumewo: Saizi Namate. Pa khadi latsopano ndinapereka dzina la ubatizo ndi la bambo anga. Amalume anali atamwalira, kapitawo uja anabwerera kwawo kalekale. Mboni ndikanaitenga kuti?

Milungu itatu ndinkayenda wapansi m'mawa uliwonse, kukangoima pageti ngati mbuzi yosokera. Masiku amenewo kukweza mawu kunali kudziputira mavuto. Kunyumba ana asanu. Abale, ndinatopa. Ngakhale pemphero linafupika: "Ambuye, Inu mukundidziwa, ndatopa."

Tsiku lina mayi wina wa Chisilamu, a Asiyatu, amene ankagwira ntchito pa kompyutayo, anaima pageti n'kundifunsa, "Bambo, tsiku ndi tsiku pano, kwagwanji?" Nditafotokoza anati, "Nanga palibe chimene sichinasinthe chiyambire ntchito?"

Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa kachitsulo ka nambala kamene tinkakoleka pabolodi polowa. Analowa nane mu ofesi, n'kuiuza kompyuta kuti isiye mayina, ifufuze m'mindandanda yonse iwiri pamene nambala ikufanana ndi yanga. Inatulutsa mzere umodzi wokha: 417, Saizi Namate, Petulo Makwinja. A Asiyatu anausindikiza papepala n'kupita nalo kwa bwana. Ine ndinangokhala pansi n'kulira, bambo wamkulu ndithu.

Lolemba ndinabwerera pantchito. Mabelo sanapepuke ayi, msana uno ndi mboni, koma ana anadya.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma mayi wa chipembedzo china kudzandiwombola. Inu amene mwatopa, musachoke pageti. Kachitsulo kaja ndikadali nako m'Baibulo langa. Anthu anasokonezeka ndi mayina anga awiri, koma Iye ankadziwa kuti ndi munthu mmodzi.